Tebulo la ku Kachebere ndi Ng'oma za Atsibweni

Ukachoka pa boma la Mchinji kulowera kumadzulo, usanawoloke malire opita ku Chipata, umaona phiri, ndipo m'tsinde mwake muli nyumba zakale za seminale yaikulu ya Kachebere. Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni m'derali mu 1903, ndipo seminaleyo inatsegulidwa mu 1939 kuti iziphunzitsa anyamata a mbali zonse ziwiri za malire. Ine ndinalowa kumeneko zaka za m'ma 1960 zikupita kumapeto, katundu yense ali m'bokosi limodzi la malata. Unsembe sindinaufike. Ndinatsanzikana nawo mwamtendere n'kukagwira choko mpaka kupuma pantchito. Koma zaka za filosofi zija ndimaziwerengera pa chuma changa, ndipo masiku ano, pamene maso ayamba kukana zilembo zing'onozing'ono, ndizo zimandichezetsa.

Tinafika msonkhano wachiwiri wa ku Vatican utangotha mu 1965. Akuluakulu amene anatitsogolera anaphunzira filosofi m'Chilatini, ndipo ankatiyang'ana ngati ana olera m'manja chifukwa ife tinkaphunzira m'Chingerezi. Mabuku a Chilatiniwo anali akadali m'laibulale, ndipo aphunzitsi ankawatsegulabe. Choncho ganizo limodzi linkayenda ulendo wautali lisanatifike: linalembedwa m'Chilatini, mphunzitsi ankalisinkha m'Chifalansa, n'kulinena m'Chingerezi, ife n'kukalitafuna usiku m'chinenero chathu, chimene mu 1968 chinali chitangosinthidwa dzina kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa. Panjira ponsepo china chake chinkatayika, china n'kuwonjezekera. Tinkaziona ndi maso athu tisanauzidwe kuti anzeru anakanganapo kale za nkhaniyi.

Amene ankatiphunzitsa anali Bambo wina wa ku Canada, wamtali, wosasiyana ndi kaliwo wake, amene anayendapo m'midzi pa njinga zaka zambiri asanatumizidwe m'kalasi. Chinyanja chawo chinali chachikale, cha m'midzi, mwakuti nthawi zina ankatikonza ife eni ake. Tsiku loyamba sanalembe kanthu pa bolodi. Anagogoda tebulo lawo ndi kaliwo uja n'kufunsa kuti, "Ichi n'chiyani?"

"Tebulo, Bambo," tinayankha tonse pamodzi, tikudabwa kuti tayendera zimenezi ulendo wonse uja.

"Ndi la mtundu wanji?"

"Lofiirira."

Anaitana mnyamata wa ku Dedza kuti akaime cha kukhomo, kumene kuwala kwa pawindo kunkagwera pathabwa. Iye anati mbali ina ikuoneka yoyera. Wina wokhala kumbuyo anati kwa iye likuoneka lodera. Anatifunsa ngati ndi losalala, tinavomera, ndipo anatulutsa galasi lokulitsa zinthu m'thumba la mkanjo n'kutionetsa timigula ndi timapiri tokhatokha. Kenaka anati aliyense ajambule tebulolo monga akulionera pamene wakhala, osati monga akulidziwira, ndipo panalibe awiri amene zojambula zawo zinafanana. "Tsono tebulo lenileni ndi liti? La amene ali kukhomo, la amene ali kumbuyo, kapena la galasi langa?" Belu linalira tisanayankhe, iwo n'kutuluka akumwetulira.

Mawa lake anaulula kuti masewerawo sanali awo. Anawatenga m'kabuku kakang'ono kotchedwa The Problems of Philosophy, kamene Bertrand Russell wa ku England anatulutsa mu 1912. Russell sankakhulupirira za Mulungu, ndipo Bambowo sanatibisire zimenezo. Ankati munthu akafunsa funso labwino, funsolo ulilandire, za moyo wake uzisiyire mwini wake. Mutu womaliza wa kabukuko umakamba za phindu la filosofi, ndipo mfundo yake, monga ndinaimvera ine, ndi yakuti filosofi sikulonjeza mayankho otsimikizika monga achitira masamu, koma imamasula munthu ku chizolowezi choganiza kuti zimene anakulira nazo ndiye dziko lonse. Ndikukumbukira kuti madzulo ake tinakhala pa chakudya tikugogoda matebulo n'kumafunsana ngati nyembazo zinali nyemba zenizeni. Zinali zenizeni ndithu, anankafumbwe ake omwe.

Chinthu chimodzi Bambowo sankachilola m'kalasi mwawo. Mnyamata wa ku seminale akapanikizika ndi funso amakhala ndi pothawira pafupi: amangoti, "Chimenecho n'chinsinsi cha Mulungu, Bambo." Ukatero iwo ankachotsa kaliwo pakamwa n'kukuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, chinsinsi chili kutali. Iwe waima pakhomo pa nyumba yako n'kumati wafika kunyanja. Yenda kaye." Ankatipanikiza kuti liwu lililonse tinene chimene tikutanthauza. Ukati munthu ali ndi ufulu, ankafuna unene ngati woledzera ali nawo, ngati wanjala ali nawo, ngati mwana wa zaka zitatu ali nawo. Anatiuza za Socrates, amene ankayendayenda mu mzinda wa Athens kufunsa akuluakulu tanthauzo la chilungamo ndi kulimba mtima mpaka anatopa naye n'kumuweruza kuti amwe poizoni m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe. Ife tinkati akanakhala kwathu akanangomutcha wamwano.

Koma Bambo omwewo, okonda matanthauzo chonchi, ndiwo anatiuza nkhani ya Thomas Aquinas, mwini wake wa mabuku akuluakulu aja. Aquinas anaphunzitsa kuti za Mulungu timadziwa bwino chimene Iye sali kuposa chimene ali, ndipo kuti tikamamutcha Atate kapena wabwino, mawuwo amanena zoona koma osafikapo, popeza tinawaphunzira poyang'ana abambo ndi anthu abwino a pansi pano. Munthuyu analemba mabuku ochuluka zedi, akulankhula alembi akulemba. Ndiye mu Disembala 1273, ali ku Naples, china chake chinamuchitikira pa Misa, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanalembenso. Mlembi wake Reginald atamuchonderera kuti amalize buku lake lalikulu la Summa Theologiae, iye anayankha kuti zonse zimene analemba zikumuonekera ngati udzu wouma poyerekeza ndi zimene waona. Anamwalira mu Malichi 1274 ali paulendo wopita ku msonkhano wa ku Lyon, bukulo lisanathe.

Titamva zimenezi tinasangalala, poti mayeso anali pafupi. Wina anakweza dzanja: "Nanga Bambo, ngati mwini wake anati ndi udzu, ife tikuvutikiranji?" Iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Iyeyo anali ndi chifukwa chonenera choncho, pakuti anayamba walemba. Iwe walemba chiyani?" Pa zonse zimene ndinamva ku Kachebere, yankho limeneli ndi limene lakhala nane kwambiri.

Pa tchuthi ndinkapita kwathu cha ku Kapiri, kumene kunali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Iwo sanabatizidwe mpaka imfa yawo, ndipo akandiona ndikutsika njinga ankafuula kuti, "Yalani mphasa, Abambo Mfumu afika!" Ntchito yawo inali yosema ng'oma, ndipo midzi yozungulira inkawadziwa. Ankagwetsa mtengo wa mtondo, kuugoba ndi sompho masiku angapo, kuwamba chikopa n'kuchikhomera ndi zikhomo za mtengo. Koma luso lenileni linkaoneka tsiku la gule. Ankayandikiza ng'oma ku moto, kuitembenuza, kuigogoda ndi chala chimodzi, kumata phula pakati, kuchotsako pang'ono, kugogodanso, kenaka n'kuipereka kwa woyimba osanena kanthu.

Ine ndi mutu wanga wodzaza matanthauzo ndinakhala pambali pawo ndi kope. "Atsibweni, mumadziwa bwanji kuti yafika?"

"Imanena yokha, mphwanga."

"Imanena kuti chiyani?"

"Mvera."

Ndinafunsa kuti phula likhale lochuluka bwanji, ndipo ng'oma ikhale pamoto nthawi yotalika bwanji. Anati zimatengera mame a tsikulo, zimatengera ngati chikopa chinali cha ng'ombe yokalamba, zimatengeranso dzanja la amene akayimbe, poti wina amamenya ngati akulipsira mkamwini. Kenaka anagogoda kamodzi, n'kutsinako kaphula kochepa ngati njere ya mapira, n'kugogodanso. "Wamva? Poyamba inali itagona. Tsopano yadzuka." Kwa ine kulira konse kuwiri kunali kumodzimodzi. Koma kamnyamata ka zaka ngati khumi, kamene kankakhala pamenepo tsiku ndi tsiku kuwapatsira zipangizo, kanagwedeza mutu kuvomereza, ndipo sikankanamizira ayi. Patapita zaka ndiko kanatenga ntchitoyo.

Musaganize kuti atsibweni anali munthu wosowa mawu. Pabwalo la milandu akaimirira, ngakhale nkhuku zinkakhala ngati zamvera. Miyambi inali kukhosi kwawo, ndipo ankadziwa kuzunguliza nkhani mpaka wolakwa adzitchule yekha. Komabe pa ng'oma mawu awo onse aja ankathera pa "mvera". Sikuti ankandibisira, kapena kuti zinali zinsinsi za kudambwe zimene mwana wa tchalitchi sayenera kumva. Anandiuza zonse zimene zikanatheka kuuzidwa, ndipo chotsalacho chinali m'khutu ndi m'chala.

Nditabwerera ndinawafotokozera Bambo aja. Sanaseke. Anandikhazika pansi n'kundiuza za Ludwig Wittgenstein, dzina limene linanditengera sabata kuti ndilitchule. Anabadwira ku Vienna mu 1889 m'banja lolemera kwambiri, anapita ku Cambridge kukaphunzira kwa Russell yemwe uja, ndipo buku lake loyamba analilemba ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bukulo, limene linatuluka mu 1921, linkayesa kulemba malire a chinenero: mawu angathe kunena bwinobwino mmene zinthu zilili m'dziko, koma za ubwino, za kukongola ndi za tanthauzo la moyo sizinenedwa mwanjira yomweyo, zimangodzionetsa. Anthu ena anamumva ngati akunena kuti zinthu zimenezo n'zachabe, pamene iye ankaziona kuti ndizo zazikulu. Atamaliza anaganiza kuti mafunso a filosofi wawathetsa. Chuma chimene bambo ake anamusiyira anapatsa abale ake, n'kupita kukaphunzitsa ana a pulayimale m'midzi ya kumapiri ku Austria kuyambira 1920 mpaka 1926. Mbali imeneyi ndinadzaikonda pambuyo pake nditakhala mphunzitsi, ngakhale amati anali waukali kwa ana.

Mu 1929 anabwerera ku Cambridge n'kuyamba kugumula zina mwa zimene anamanga yekha. M'buku lake lachiwiri, limene linatuluka mu 1953 iye atamwalira kale mu 1951, anasonyeza kuti tanthauzo la mawu limakhala m'mene anthu akuwagwiritsira ntchito pa moyo wawo wa pamodzi. Penapake anayerekeza mitundu ya kudziwa: kudziwa kutalika kwa phiri, ndi kudziwa kaliridwe ka chitoliro. Bambo aja anandimasulira motere: "Ukadziwa kuti nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ungathe kundiuza, ndipo ine ndidziwa ndendende zimene iwe ukudziwa, ngakhale sindinakwereko. Koma atsibweni ako akudziwa kulira kwa ng'oma yodzuka, ndipo sangakupatse m'kope. Kodi amene akudziwa kwenikweni ndi iwe wekha wa mamita?" Anawonjezeranso kuti mawu aja akuti yagona ndi yadzuka si opanda pake. Pakati pa atsibweni ndi kamnyamata kaja ndi mawu okwanira, omveka ngati nambala. Amangokhala opanda kanthu kwa mlendo amene sanakhale nawo pamoto. Malire a mawu sali pamalo amodzi kwa anthu onse. Amasuntha malinga ndi zimene anthuwo achitira limodzi.

Cha m'nthawi yomweyo kunafika buku limene linatigawa pawiri. John Mbiti, wansembe wa Anglican wa ku Kenya amene ankaphunzitsa ku Makerere, anatulutsa African Religions and Philosophy mu 1969. Tinalilandira ndi manja awiri. Tisanalione, za maganizo a anthu akuda tinkangomva kuchokera kwa Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene analemba ali ku Congo mu 1945. Tsopano analemba anali mnzathu. Koma m'bukumo munali mfundo imene inatisowetsa tulo. Mbiti anaunika mmene aneni amasinthira m'zinenero za Kikamba ndi Kikuyu, ndipo anapeza kuti nthawi yakale ili ndi mitundu yambiri, pamene yam'tsogolo siipita patali, mwina miyezi ingapo mpaka zaka ziwiri. Kuchokera pamenepo anagamula kuti m'maganizo a makolo athu tsogolo lakutali kunalibe.

Ena mwa ife anavomera msangamsanga. Ankati n'chifukwa chake timadya mbewu, n'chifukwa chake sitisunga ndalama. Ena tinakana koma osadziwa pogwira. Tinakangana pansi pa mitengo masabata ambiri, ndipo Bambo aja ankangodutsa ndi kaliwo wawo osalowererapo. Tsiku lina anangoponya funso limodzi: "Mukafuna kudziwa zimene munthu amayembekezera, mumatsegula buku la galamala kapena mumakaona kumunda kwake?" Pamenepo ndinakumbukira kuti kumapeto kwa munda wa atsibweni kunali timitengo ta mtondo titatu timene sankalola munthu kutidula, ngakhale kusadzako nthambi. Mtondo suthamanga kukula. Iwo ankadziwa bwino kuti sadzasemapo kanthu, ndipo ankanena poyera kuti ng'oma za pamenepo adzayimba ndi zidzukulu za zidzukulu. Munthu wopanda tsogolo m'mutu sateteza mtengo wotero. Mbiti ndimamulemekezabe, popeza anatsegula khomo limene ambiri analowerapo, koma pamenepa anasenzetsa galamala katundu amene si wake. Chinenero chimasonyeza zina za anthu ake, koma anthu amadziwa ndi kuchita zambiri kuposa zimene aneni awo amanyamula.

Nditatuluka ku seminale ndinalowa m'dziko limene linali ndi chete wamtundu wina. Achinyamata a lero sangamvetse. Kuyambira 1968 kunali lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo mabuku ambiri analetsedwa. Munthu ankatha kutengedwa usiku, m'mawa anthu n'kumangoti "apita", osafunsa kuti kuti. M'chipinda cha aphunzitsi tinkakamba za mpira ndi za mvula. Mwana akafunsa m'kalasi funso lokhudza boma, unkayang'ana kaye pawindo, kenaka n'kunena kuti, "Zinazi sizikambidwa." Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ambiri tinazimva monong'ona.

M'zaka zimenezo ndi pamene ndinaona ntchito ya zimene ndinaphunzira. Mawu akuti "sizikambidwa" amafanana kwambiri ndi "sizineneka", ndipo munthu akakhala chete zaka zambiri amayamba kuzisokoneza. Amadziuza kuti nkhanizo n'zozama, n'za akuluakulu, iye ndani kuti azimvetse. Mantha amavala mkanjo wa nzeru. Koma ine ndinali nditaonapo chete weniweni, wa atsibweni pa ng'oma ndi wa Aquinas atalemba mpaka kutopa, ndipo ndinkadziwa mumtima kuti wathuyu sanali wa mtundu umenewo. Mawu onenera zimene zinkachitika analipo, osavuta, oti mwana wa Sitandade 5 akanawalemba.

Umboni wake unabwera pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Ine ndinali pa benchi tsiku limenelo. M'kalatamo munalibe chinthu n'chimodzi chomwe chimene sitinkachidziwa. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za kuthithikana kwa ana m'makalasi, za kusowa kwa mankhwala ndi madokotala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za kuopa kulankhula. Zonsezi tinkaziona tsiku ndi tsiku. Koma kuzimva zikutchulidwa mokweza, m'Chichewa, masana dzuwa likuswa mtengo, kunachititsa ena kuombera m'manja ndipo ena kuyang'ana pansi ngati agwidwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa. Koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya riferendamu.

Lero vuto latembenuka. Mawu achuluka ngati ngumbi: pa wailesi, pa WhatsApp, pa misonkhano, pa maliro pomwe. Aliyense akunena za chitukuko, za ufulu, za chikhalidwe chathu, ndipo n'kawirikawiri kuti wina aimirire n'kufunsa modekha kuti, "Pepani, mukati chitukuko mukutanthauza chiyani?" Funso laling'onoli ndaona likugwira ntchito. Nditapuma, amfumu ankandiitana kuti ndizikhala nawo pa milandu ya minda. Nthawi zambiri anthu awiri amafika aliyense akulumbira kuti munda ndi wake, ndipo onse akunena zoona. Wina akutanthauza kuti ndi wa mbumba yawo kuchokera kwa agogo aakazi, wina akutanthauza kuti anauswa yekha mphanje ali pa chikamwini n'kuulima zaka makumi awiri. Ukawathandiza kuona kuti sakutsutsana pa zimene zinachitika koma pa zimene akuzitcha umwini, mlandu sutha pomwepo ayi, koma zikwanje zimayamba zaikidwa pansi.

Pali malo amodzi pamene filosofi sinandipatse chilichonse chonena, ndipo ndikuithokoza chifukwa cha zomwezo. Mayi a kunyumba kwanga anamwalira mwadzidzidzi, atadwala masiku ochepa chabe. A chipatala anatchula dzina la matenda, ndipo sindikayika kuti ananena zoona. Koma dzina la matenda limayankha funso lakuti zinachitika bwanji. Funso limene linkandidya usiku linali lina: chifukwa chiyani iwowa, chifukwa chiyani tsopano? Okhuza maliro anabwera ndi mayankho awo. Ena anati Mulungu wawakonda, ena anati inali nthawi yawo, ndipo ndinawalandira onse popeza ankanena mwachikondi. Amene anandithandiza kwambiri anali mnzanga wa ku Kachebere, mnyamata wa ku Dedza uja anaima kukhomo, amene tsopano anali wansembe wa imvi. Anakhala nane pamphasa usiku wonse, ndipo zimene ananena sizinapitirire pa "Pepa, achimwene." Ulaliki anali nawo wambiri, koma anausunga.

Titangoika maliro, achibale ena anandikokera kuseri. Anati imfa yotere siyichitika yokha, ndipo anatchula dzina la gogo wina wa m'mudzimo, wamasiye, wokhala yekha, amene anakanganapo ndi malemuwo pa nkhani ya mbuzi. Ankafuna ndivomere kuti tikaombeze. Ndinawamvetsa, popeza nanenso mtima unkafuna munthu woti ndimuloze chala. Kupweteka kopanda dzina n'kovuta kunyamula kuposa kupweteka kokhala ndi dzina. Koma ndinawafunsa monga ankatifunsira Bambo aja: mukudziwa chiyani, ndipo mwachidziwa bwanji? Tinapeza kuti chimene tinkadziwa chinali mkangano wa mbuzi basi. Chotsalacho chinali chisoni chathu chikusaka pogona. Ndinawauza kuti funso lathulo lilibe yankho limene munthu angalinene, ndipo sindilola kuti tilitseke ndi dzina la nkhalamba. Ena anandikwiyira miyezi ingapo. Gogoyo anakhala m'nyumba yake mpaka anamwalira ndi ukalamba, ndipo ndinanyamula nawo bokosi lake.

Nkhani imeneyi siyaing'ono m'dziko muno. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lilipo kuyambira 1911, komabe mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana wa m'banja mwawo. Anthu amene anachita zimenezo sanali osowa mawu. Anali ndi mawu ochuluka kuposa zimene ankadziwa, ndipo panalibe wowaphunzitsa kuima pamene kudziwa kwathera. Amene amati filosofi ndi maphunziro a anthu okhuta akaganizire za Neno.

Bambo aja anabwerera kwawo atakalamba, ndipo tinalemberana makalata mpaka dzanja lawo litayamba kunjenjemera. Chimene ankadandaula nacho nthawi zonse chinali chakuti ankatiphunzitsa kuganiza m'chinenero chobwereka, pamene mafunso athu enieni tinkawafunsa m'chinenero cha amayi. Ena anayesapo kukonza zimenezi. Malemu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College ku Zomba, analemba buku lonena za Leibniz wa ku Germany, koma analembanso za mmene Achewa amaonera kudziwa ndi umunthu, akuunika miyambi yathu mofatsa monga momwe ankaunikira mabuku a ku Ulaya. Komabe zolemba zakezo zili m'Chingerezi, ndipo atsibweni anga akanakhala moyo sakanatha kumuyankha.

Choncho pempho langa likupita kwa inu amene mukuphunzitsa ndi kuphunzira filosofi ku Zomba, ku Nguludi ndi ku Kachebere komweko. Tilembereni kabuku kamodzi m'Chichewa, kakang'ono ngati ka Russell kaja, koti mphunzitsi wa kumudzi, katekisiti ndi nduna ya amfumu angathe kuwerenga n'kukutsutsani. Musadikire kuti mawu onse apezeke kaye. Yambani ndi amene alipo, ndipo pamene akukanirani mutiuze poyera kuti apa akana. Zilembo zake zikhale zazikulu, chifukwa ena mwa ofuna kukawerenga ndi ife a maso otopa.